Za Umoyo M'banja: Kacirombo ka HIV Sikayenda Kokha

Ndi midzi yowerengeka ya ku Petauke, Katete, Chadiza kapena Lundazi imene ilibe mwana wake m'komboni ya George mu Lusaka. Komboni imeneyi, yomwe ili moyandikana ndi Matero ndi Lilanda, inayamba ngati misasa ya anthu odzafuna nchito m'tauni, ndipo boma linadzaivomereza ndi kuikonza m'zaka za m'ma 1970, pamene linalambula miseu ndi kuika mipopi ya madzi ndi ndalama zocokera ku World Bank. Kuyambira nthawi imeneyo njira ya pakati pa George ndi kumudzi siinamere udzu. Wodwala wa kumudzi amene madotolo a ku Chipata kapena a ku St Francis ku Katete amutumiza ku cipatala cacikulu ca UTH, amafikira kwa mlongo wake ku George, nagona pamphasa m'kacipinda kamodzi ndi ana. Wa ku George naye, matenda akamupanikiza, amakwezedwa basi kubwerera kwa amai ake kumudzi. Motero zimene zicitika pa kiliniki ya ku George siziri zacilendo kwa munthu wolima nshawa ku Msoro.

M'zaka za m'ma 1990 ulendo wobwerera kumudzi umenewo unali wotsiriza kwa ambiri. Zinthu zinayamba kusintha mu April 2004, pamene makiliniki a boma a m'makomboni a Lusaka anayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere, ndipo pofika November 2005 anthu oposa 16,000 anali atayamba kumwa. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2021 anapeza kuti pa akulu 100 ali onse m'Zambia, 11 ali ndi kacirombo ka HIV; pakati pa amai ndi 14, pakati pa abambo ndi 8. Oculuka a iwo ali pa mankhwala, alikulima, alikugulitsa pamsika ndi kulera adzukulu. Komatu pabuka funso limene likuvutitsa mabanja ambiri. Munthu amamwa mankhwala ake mokhulupirika, thupi nkubwerera, anthu nkuiwala kuti anadwalapo. Kenaka patapita zaka zingapo madotolo nkumuuza kuti ali ndi kansa. Abale ena amati mankhwala aja ndiwo amuwotcha m'kati, ena amati pali munthu amene wamucita cipongwe. Onsewa alikuphonya, pakuti cimene cimayambitsa makansa ambiri a anthu okhala ndi HIV ndi tizirombo tina, tosiyana ndi HIV, timene tinalowa m'thupi kale.

Wolima dimba adziwa kuti mbuzi sizibadwa caka cimene mpanda wagwa. Zimakhala ziri pomwepo masiku onse, zikuzungulira, koma mpanda umazichinga. Ciswe cikadya mizati ya mpanda, cimene cimatsiriza ndiwo si ciswe ai, koma mbuzi. Momwemonso ndi HIV. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri tochedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa, ndipo selo liri lonse liri ndi lamulo m'kati mwake loliuza nthawi yoswana ndi nthawi yoleka. Pali tizirombo tina timene tikalowa m'selo timasokoneza lamulo limenelo, selo nkumangoswana osaleka kufikira pakhale cotupa. Imeneyo ndiyo kansa. Mwa munthu wa thupi lolimba, asilikali a m'magazi amapeza maselo otere nkuwapha asanaculuke. HIV imapha maselo ochedwa CD4, amene ali ngati akapitawo a asilikali aja, ndipo akapitawo akatha, tizirombo tina tija timapeza danga. Timene tivutitsa kwambiri m'dziko lino ndi tinai: ka KSHV koyambitsa kansa ya Kaposi, ka HPV koyambitsa kansa ya khomo la cibelekero, ka Epstein-Barr kokhudza mwanabere, ndi ka hepatitis B ka m'ciwindi.

Nkhani ya Kaposi ndi ya m'Lusaka mwenimweni. Matendawa anachulidwa dzina la dotolo Moritz Kaposi, amene anawalongosola ku Vienna mu 1872, ndipo m'maiko a pakati pa Africa anali odziwika kale HIV isanamveke. Anali matenda a abambo acikulire, oyambira kumapazi ndi kuyenda pang'onopang'ono, kotero kuti munthu ankakhala nawo zaka zambiri akugwira nchito zake. Dotolo Anne Bayley, amene anali kucita maopaleshoni pa UTH, ankaona odwala atsopano apakati pa 8 ndi 12 pacaka. Koma mu 1983 anaona 23, ndipo 13 mwa iwo sanali kufanana ndi akale aja. Anali acinyamata, ena anali akazi, anali ndi mwanabere mbali zonse ziwiri za thupi ndi zotupa m'kamwa, anaonda msanga ndi kubanika popuma. Caka cisanathe 8 mwa iwo anali atamwalira. Mai Bayley analemba zimenezi m'nyuzi ya madotolo yochedwa The Lancet mu 1984, caka comwe Zambia inalengeza wodwala AIDS woyamba, ndipo magazi atapimidwa pambuyo pake kunapezeka kuti pafupifupi onse a mtundu watsopanowo anali ndi kacirombo kamene lero kachedwa HIV. Tsono kansa ya Kaposi ndiyo imene inaliza ng'oma yocenjeza dziko lino, zaka zinai Pulezidenti Kenneth Kaunda asanauze anthu poyera, mu 1987, kuti mwana wao Masuzyo anamwalira ndi AIDS.

Cimene sicinali kudziwika ndi cifukwa cake ena okhala ndi HIV ankadwala Kaposi pamene anzao sanali kudwala. Yankho linapezeka mu 1994 ku New York, kumene Yuan Chang ndi Patrick Moore anapeza kacirombo kaciwiri m'zotupa za odwala. Popanda kacirombo kameneka palibe Kaposi, ngakhale munthu akhale ndi HIV zaka makumi awiri. Akatswiri a pa UTH, mogwirizana ndi anzao a pa yunivesiti ya Nebraska ku America, anatsatira amai ndi makanda ao mu Lusaka kuyambira mu 1998, napeza kuti pafupifupi amai 4 mwa 10 ali onse anali nako, ndi kuti ana ambiri amakatenga akali aang'ono, atabadwa kale, kucokera kwa anthu a m'nyumba mwao. Kacirombo kameneka kamapezeka kwambiri m'malovu. Ana amene anali ndi HIV anali kukatenga msanga kuposa anzao.

Pamenepa pafunika kudekha, kuti mau amenewa asasanduke mkangano m'nyumba. Unyinji wa anthu okhala ndi kacirombo ka KSHV amakalamba ndi kumwalira ndi zina osadwalapo Kaposi, ndiponso kansa yeniyeniyo siipatsirana; wodwala angathe kudya nsima m'mbale imodzi ndi banja lake, kusambitsidwa ndi kugwiridwa popanda mantha. Cimene ciri canzeru kusiya ndi cizolowezi cotafunira khanda cakudya kapena mankhwala a zitsamba, ndi kupukuta kumaso kwa mwana kapena pabala pake ndi malovu. Agogo ambiri amacita zimenezi cifukwa ca cikondi, ndipo palibe amene angawaimbe mlandu; koma supuni ndi kamtondo zingathe kufewetsa cakudya mofanana ndi mano.

Kawirikawiri matendawa amayenda motere. Bambo amene amakankha wilibala pamsika amaona kadontho kakuda kapena kofiirira pamwendo, kosawawa ndi kosayabwa, nkumati ndi cipsera cabe. Patapita miyezi timadontho taculuka, tina tatukuka ngati njere za nyemba, ndipo mwendo wayamba kutupa ndi kulimba ngati mtengo. Nsapato ikakana kulowa, uthenga umapita kumudzi. Akulu akaona mwendo wotupa, maganizo amathamangira ku mdulo, kuti kapena wina anathira mcere m'ndiwo asanayenere, mwinanso kuti mwana wao anaponda mankhwala pamphambano. Pamenepo lumo limatuluka ndipo mwendo umatemedwa mphini. Mphini pa mwendo wa Kaposi sizipola msanga. Zimasanduka zilonda zotuluka madzi, ndipo lumo lomwelo likatema munthu waciwiri lingathe kumupatsa HIV ndi hepatitis B. Miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi imathera pa zimenezi, pamene dotolo akadangodula kanyama kakang'ono pa dontho limodzi nkukatumiza kokapima.

Malo ena amene anthu saganiza kuyang'ana ndi m'kamwa. Madontho akuda kumwamba kwa m'kamwa kapena pa nkhama kawirikawiri asonyeza kuti matenda alowa kale m'kati, m'matumbo kapena m'mapapo. Kaposi wa m'mapapo amatsokomoletsa ndi kubanikitsa ngati TB, ndipo ena amamwa mankhwala a TB miyezi yambiri osacira, cifukwa palibe amene anawauza kuti ayasamule. Munthu wokhala ndi HIV amene ali ndi cifuwa cosamva mankhwala ayenera kuonetsa namwino khungu lake lonse ndi m'kamwa, ngakhale namwinoyo asanafunse.

Mankhwala oyamba a Kaposi ndi ma ARV omwewo. Madontho akakhala owerengeka, nthawi zambiri amafota okha asilikali a m'thupi akabwerera, ndipo cifukwa ca ma ARV matendawa acepa kwambiri poyerekeza ndi zaka za m'ma 1990. Odwala ena amaona madontho akuonjezeka m'masabata oyamba atayamba mankhwala. Cimeneco si cifukwa cosiyira kumwa, koma cobwererera msanga kukiliniki. Matenda akafalikira pamafunika mankhwala a kansa olowetsa m'mitsempha, amene amaperekedwa kangapo pakapita masabata owerengeka. Cipatala ca Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH, ndico likulu la cithandizo cotere.

Ma ARV agonjetsa Kaposi kwambiri, koma kansa ya khomo la cibelekero sanaigonjetse motero, ndipo ndiyo imene ikutha amai ambiri kuposa kansa ina iri yonse m'Zambia. Ciwerengero ca bungwe la WHO ca mu 2020 cinasonyeza kuti amai oposa 3,000 anapezeka nayo caka cimeneco, ndipo pafupifupi 1,900 anamwalira. Kacirombo ka HPV kamapatsirana pokhala malo amodzi, ndipo kafala kwambiri mwakuti pafupifupi munthu ali yense amene analowapo m'banja anakumana nako nthawi ina. Mwamuna amakanyamula osadziwa, ndipo mkazi amene sanadziwepo mwamuna wina koma wake yekha angathe kukhala nako. Pacifukwa cimeneci kuloza cala mai wodwala kuti anali woyendayenda ndi kulakwa kwakukulu. Kacirombo kameneka kali ndi mitundu yambiri, koma iwiri, ya nambala 16 ndi 18, ndiyo iyambitsa makansa 7 mwa 10 ali onse a khomo la cibelekero. Anazindikira zimenezi ndi Harald zur Hausen wa ku Germany mu 1983 ndi 1984, ndipo mu 2008 analandira mphoto ya Nobel tsiku limodzi ndi akatswiri awiri a ku France amene anapeza HIV.

Mwa mai wa thupi lolimba, HPV imatha yokha pasanapite zaka ziwiri, ndipo ikakanirira zimatenga zaka 15 mpaka 20 kuti isanduke kansa. Mwa mai amene citetezo cake cinafooka zingatenge zaka 5 mpaka 10 zokha, ndipo mai wokhala ndi HIV ali pa ngozi yodwala kansayi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake wopanda HIV. Madotolo Groesbeck Parham ndi Mulindi Mwanahamuntu atapima amai 150 okhala ndi HIV pa UTH, anapeza kuti atatu mwa anai ali onse anali ndi maselo osinthika pa khomo la cibelekero, ndipo mmodzi mwa asanu anali ndi zizindikiro zooneka ngati kansa yayamba kale.  Zimenezi ndizo zinacititsa kuti mu January 2006 Unduna wa Zaumoyo, UTH ndi bungwe la CIDRZ ayambe kupima amai m'makiliniki a m'makomboni, pakhomo lomwelo pamene anthu amalandirira ma ARV. Pakati pa 2006 ndi 2013 amai oposa 100,000 anapimidwa, ndipo nchitoyi inafalikira m'zigawo zonse za dziko.

Amai a m'makomboni si alendo pa nchito yothandiza madotolo kupeza nzeru. Pakati pa 2001 ndi 2004 amai 958 okhala ndi HIV a pa kiliniki ya George ndi ya Chawama analola kulowa m'kafukufuku wa kayamwitsidwe, amene anasonyeza kuti kuletsa mwana kuyamwa mwadzidzidzi pa miyezi inai sikupulumutsa moyo wake. Malangizo amene azamba a kumidzi akupereka lero anakhazikika pa zimene amai otere anapirira, ngakhale maina ao sadziwika.

Kapimidwe ka khomo la cibelekero nkosavuta, ndipo amapima ndi anamwino. Mai amagona cagada, namwino nkulowetsa kacipangizo kotsegulira njira, kenaka nkupaka viniga pa khomo la cibelekero ndi thonje. Pakapita mphindi zowerengeka, malo amene maselo ayamba kusinthika amayera ngati ufa. Mu Lusaka anamwino anayamba ndi kujambula cithunzi ndi kamera, kuti mai mwini aone ndi maso ake, ndi kuti dotolo amene ali kutali athe kuthandiza kuweruza. Malo oyerawo akakhala aang'ono amaumitsidwa ndi mpweya wozizira kwambiri kapena kutenthedwa ndi kacitsulo, tsiku lomwelo, ndipo mai amabwerera kwao akuyenda yekha. Akakhala aakulu amatumizidwa ku cipatala kumene amadula kagawo kodwalako ndi kawaya ka magetsi. Cibelekero sicicotsedwa pa zonsezi, ndipo mai angathe kudzaberekanso. Masiku ano zipatala zina zimapimanso kacirombo ka HPV keni keni, ndipo mai angathe kudzitengera yekha timadzi ta m'njira ndi kathonje ka pa kamtengo, mosaonedwa ndi munthu. Awerengi asamve molakwa za viniga uja. Iye saciza kanthu, amangoonetsa pamene pali vuto, ndipo mai wodzitsuka ndi viniga kunyumba angodzipsereza pacabe.

Bungwe la WHO limalangiza kuti mai wokhala ndi HIV ayambe kupimitsa ali ndi zaka 25, ndipo abwereze pakapita zaka zitatu ngati anapimidwa ndi viniga, kapena zitatu mpaka zisanu ngati anapimidwa kacirombo keni keni. Amai opanda HIV nawo ayenera kupimitsa. Nthawi yabwino yopitira ndi pamene mai sakumva kanthu, pakuti zizindikiro zikayamba kuoneka matenda amakhala atapita patali. Zizindikirozo ndi kutaya magazi pambuyo pokhala malo amodzi, kutaya magazi pakati pa misambo iwiri, kuonanso magazi mai atasiya kale kusamba, ndi cikazi camadzimadzi conunkha cosamva mankhwala. Mai wacikulire amene anasiya kupita kumwezi zaka zisanu zapitazo akaonanso magazi, asaganize kuti utsikana wabwerera, ndiponso asabisire apongozi kapena mwana wake wamkazi. Pajatu akulu akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kunena zoona, cimene cikulepheretsa amai ambiri si kutalika kwa njira kokha, koma abambo. Mai akalandira cithandizo ca kuumitsa kapena kutentha kuja, amauzidwa kuti asakhale malo amodzi ndi mwamuna wake kwa masabata anai kapena kuposerapo, kufikira bala lipole. Alipo amai amene amakana cithandizo ali pabedi pomwepo, cifukwa coopa kukafotokoza zimenezi kunyumba. Mwamuna amene amadikira miyezi yathunthu mkazi wake akabereka, monga mwambo unenera, alibe cifukwa colepherera kudikira mwezi umodzi kuti mkaziyo asadzadwale kansa. Pamenepa ankhoswe ndi anyakwawa ali ndi nchito. Anamkungwi nawonso, amene mau ao amamveka kumene namwino safika, angacite bwino kuganiziranso za mankhwala oumitsa njira amene amalangiza atsikana m'cinamwali, popeza khungu louma limang'ambika msanga, ndipo pong'ambika mpomwe tizirombo timalowera. Fodya, wosuta ngakhale wofwenkha, sathandiza thupi kucotsa HPV. Mdulidwe wa kucipatala umacepetsa mpata wakuti mwamuna anyamule HPV ndi kutenga HIV, ndipo mwamuna asaiwale kuti HPV yomweyo imayambitsanso kansa ya cida ca abambo ndi ya kumalo ocitira cimbudzi.

Pa tizirombo tinai tija, HPV iri ndi katemera. Anayamba kuyesedwa m'masukulu a cigawo ca Lusaka mu 2013, nafalikira dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 14, ndipo mu 2023 boma linabaya atsikana a zaka 9 mpaka 14. Cifukwa cobayira ana aang'ono cotere ncakuti katemera amachinga kacirombo kasanalowe, koma sacotsa kamene kanalowa kale. Mphekesera yakuti katemerayu amatseka cibelekero yamveka ku George monga yamvekera kumidzi, koma m'maiko onse kumene atsikana mamiliyoni ambiri abayidwa kuyambira 2006, ofufuza sanapeze umboni wakuti amaletsa kubereka. Cimene cimalanda mkazi cibelekero ndi kansa imene yacedwa kupezeka. Makolo ndi agogo olera mtsikana wobadwa ndi HIV adziwe kuti pamene anzake nyeleti imodzi iwakwanira, iye afunika ziwiri kapena zitatu, ndipo ayenera kuuza namwino mwamseri kuti awalembere tsiku lobwerera.

Kacirombo ka Epstein-Barr kanapezeka mu 1964 ku London, m'zotupa zotumizidwa kucokera ku Uganda ndi dotolo Denis Burkitt, amene mu 1958 analongosola kansa yotupitsa nsagwada za ana, ndipo mu 1961 anayenda pa galimoto kudutsa Northern Rhodesia ndi Nyasaland akufunsa m'zipatala za mishoni kumene matendawa apezeka. Anapeza kuti aculuka m'madera otentha ndi a mvula, komwenso malungo aculuka. Pafupifupi munthu ali yense ali ndi kacirombo kameneka kuyambira paubwana, koma citetezo cikagwa kangathe kuyambitsa kansa ya mwanabere. Zizindikiro zake ndi mwanabere wokula wosawawa m'khosi, m'khwapa kapena m'mphecepece, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, ndipo nazonso zimafanana ndi TB. Kansa ya Burkitt imakula msanga koposa, m'masabata owerengeka cabe, koma imamvanso mankhwala msanga mwana akafika nthawi yabwino. Mwana wotupa tsaya amene mano ake ayamba kugwedera asacedwetsedwe ndi maganizo akuti ndi dzino kapena matsagwidi.

Hepatitis B ndi kacirombo kodya ciwindi mwakacetecete kwa zaka zambiri. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti pafupifupi akulu 6 mwa 100 m'Zambia ali nako, ndipo pakati pa okhala ndi HIV ndi 7. Ambiri amakatenga pobadwa kapena akali ana. Ciwindi cimene cikulimbana ndi kacirombo kameneka cimaonongeka msanga cikapatsidwanso kacasu, kapena nshawa ndi cimanga zocita cuku, popeza cuku cimeneci ciri ndi poizoni woyambitsa kansa ya ciwindi amene saphedwa ndi moto wophikira. Alimi amene amasankha nshawa zabwino kukagulitsa ndi kusiya zofumbwa kuti asinjire m'ndiwo za ana aganizepo bwino. Kuyambira mu 2005 katemera wa hepatitis B ali m'gulu la akatemera a kusikelo, amene khanda limalandira pa masabata 6, 10 ndi 14.

Pali cinthu cimodzi ca hepatitis B cimene cikhudza mwacindunji ulendo uja wa basi. M'mbulu wa ma ARV umene anthu ambiri amamwa kamodzi patsiku muli mankhwala awiri, tenofovir ndi lamivudine, amene amagwiranso hepatitis B. Munthu wokhala ndi tizirombo tonse tiwiri amathandizidwa kawiri ndi mbulu umodzi, ngakhale mwini sadziwa. Koma akasiya mwadzidzidzi, hepatitis B ingathe kudzuka mwaukali, maso nkucita cikasu, mimba nkutupa. Zotere zimacitika munthu akapita kumaliro kapena kukakolola kumudzi ndi mankhwala a masabata awiri, nkukhalako miyezi itatu. Zimacitikanso wina akauzidwa kumapemphero kuti wacira, ataye mabotolo.

Cifukwa ca ici, banja limene laganiza zotenga wodwala ku George kupita naye kumudzi lisanyamuke lisanapite kukiliniki kukatenga kalata yomusamutsira ku cipatala ca pafupi ndi kwao, kaya ndi Nyanje, Minga, Mwami kapena St Francis, pamodzi ndi mankhwala okwanira kufikira atalembetsedwa kumeneko. Ngati wodwalayo anayamba mankhwala a kansa mu Lusaka, abale afunse tsiku limene ayenera kubwerera, pakuti mankhwala amenewa akadukiza matenda amapezanso mphamvu, ndipo ndalama ya basi yobwerera iyenera kusungidwa padera cimanga cikangogulitsidwa. Wocokera kumudzi kupita ku Lusaka naye anyamule kalata ya dotolo amene anamutumiza, zotsatira za kanyama kamene kanapimidwa ngati zinatuluka, khadi lake la ma ARV ndi mabotolo amene akumwa. Wofika wopanda mapepala amayambiranso pa ciyambi, ndipo masabata amatha akugona pamphasa ya mlongo wake. Kwa anthu a ku George njira iyambira pa kiliniki yao, kupita ku cipatala ca Matero, ndipo kucokera kumeneko ndiko amatumizidwa ku UTH ndi ku cipatala ca kansa.

Alipo odwala amene madotolo adzanena kuti kansa yafika poti singacotsedwenso. Ameneyo naye ali ndi zoyenera kupempha asanakwere basi. Ululu wa kansa uli ndi mankhwala ake, kuphatikizapo morphine wamadzi amene amamwedwa pa maola oikika, ndipo fungo la bala liri ndi mankhwala olicepetsa, kuti mai wodwala asamangidwire kakhumbi kuseri kwa nyumba. Ma ARV apitirire kumwedwa. Wosamalira wodwala avale magolovesi kapena mapulasitiki m'manja potsuka mabala ndi pocapa nsalu za magazi, ndipo nsaluzo azinyike m'madzi otentha a sopo asanaziyanike padzuwa.